Wopala Diso la a Sikweya

Dzina lakuti Sikweya sanabadwe nalo, anachita kulipeza pa ntchito. Anthu anawatcha choncho chifukwa cha kachitsulo kaja koyezera ngodya, kamene sikankachoka m'thumba la ovolosi yawo. Akalowa m'nyumba mwa munthu, maso ankathamangira pa chitseko moni asanaperekedwe, ndipo mpando sankaukhalira asanaugwedeze kuti amve ngati miyendo yake ikumvana. Anali kalipentala wa zaka makumi anayi pa benchi, ndipo tisabise, anali munthu wovuta. Koma tebulo limene a Sikweya akhoma linkakalamba limodzi ndi mwini wake, n'kutsalira ana.

Maso anayamba kuwathawa mwakachetechete. Poyamba unali mzere wa pensulo umene unkazimirira pa thabwa, iwo n'kumati mapensulo a masiku ano ndi madzi okhaokha. Anagula akuda kwambiri, kenako anayamba kulemba ndi choko. Anasintha babu la mu shedi kawiri, n'kunyoza opanga mababu ndi makolo awo omwe. Dzuwa likawala, msewu wonse unkaoneka ngati wina akuwotcha zinyalala chapafupi. Zonsezi sanauze munthu. Manja ndiwo ankawabisira manyazi, chifukwa zala zawo zinkazindikira thabwa lokhota popanda kufunsa maso.

Koma sowo alibe chibale. M'mawa wina anadya chala chachikulu chakumanzere, osati kwambiri, koma magazi anadonthera pa chitseko cha eni ake. Akazi awo, amene anali atakhala chete chaka chathunthu akuwaona akupapasa kapu pa tebulo, anamanga chalacho bwinobwino, n'kutenga chikwama chawo.

"Tiyeni, Bambo."

"Kuti nanga, Amayi? Kabala aka?"

"Si kabalako. Zala muli nazo khumi, ndipo ndikufuna mudzapite nazo kumanda zonse. Tikaonetse maso."

Dokotala wa pachipatala chaching'ono cha m'dera lawo anawaunika ndi tochi, diso ili kenako linalo. Sanachedwe.

"Ndi ng'ala, bambo, maso onse awiri. Ife pano sitipanga zimenezi, mupeze dokotala wa maso. Koma musadandaule, masiku ano amangopala basi, n'kuyambanso kuona."

"Amatani?"

"Amapala."

Kwa munthu wina amenewa ndi mawu chabe. Aliyense amanena choncho, kupala ng'ala, ndipo palibe amaima kuti aganize. Koma a Sikweya anali atapala matabwa moyo wawo wonse. Ankadziwa kulira kwa puleni, ankadziwa mmene imadyera thabwa n'kulavula zopotanapotana pansi. Ankadziwanso chinthu chimene wophunzira aliyense amachizindikira mochedwa, chakuti chimene wapala sichibwerera. Thabwa ukalipala mopitirira, umaliponya pakona n'kutenga lina. Nanga diso lina ukalitenga kuti? Anachita mantha enieni, ndipo poti anali munthu wosazolowera mantha, anawasandutsa ukali.

Mwana wawo wamkazi, amene ankagwira ntchito kutali, anaimba foni tsiku lomwelo.

"Bambo, bwerani kuno. Kuli chipatala chachikulu, dokotala wake ndi wotchuka. Anthu amachita kulimbirana."

"Akalakwitsa ndikamupeza kuti?"

"Salakwitsa, Bambo."

"Ndiye sanayambe ntchito ameneyo. Tamvera, mwana wanga. Mpando umagula kwa mmisiri amene ukudziwa pakhomo pake, kuti ukayamba kugwedera uunyamule n'kukamutulira. Ulendo wa masiku awiri pa basi, diso likayamba kuvuta ndizilinyamula ndekha kupita nalo kumeneko? Ine ndikufuna wa konkuno, woti tizikumana mumsewu, azichita manyazi akandiona ndikupapasa khoma."

Mwanayo anausa moyo, napempha kuti foni aipereke kwa amayi ake. Koma amayiwo anangoti, "Umawadziwa bambo ako," ndipo nkhani inathera pomwepo.

Anayamba kufunafuna. Malo oyamba anali sitolo ya magalasi a maso pafupi ndi pokwerera mabasi. Mwini wake anavala gawuni yoyera ngati dokotala, ndipo a Sikweya asanakhazikike n'komwe anali atawaveka kale magalasi atatu osiyana.

"Awa akukhalani, bwana. Mwachepa ndi zaka khumi."

"Ng'ala mumachotsa?"

"Ayi, koma magalasi amenewa..."

"Ndiye mukupaka vanishi pa thabwa lofumbwa," anatero a Sikweya, akuvula magalasiwo n'kuwaika pa kauntala mosamala, poti katundu wa munthu sankamuponya.

Malo achiwiri anali chipatala cholipira, chokhala ndi matailosi oterera, masofa ndi wailesi yakanema podikirira. Dokotala wake anawayang'ana m'maso foni ili pakati pa phewa ndi khutu, nati abwere Lachinayi adzapalidwe. A Sikweya anakhosomola.

"Ndingaoneko manja anu, adokotala?"

Dokotalayo anaseka. "Bambo, wabwera kudzaonedwa ndinu, osati ine."

Atatuluka, akazi awo anayenda patsogolo osawagwira mkono, chizindikiro chakuti zinthu sizili bwino.

"Mwatichititsa manyazi. Dokotala mukumusankha ngati mkamwini."

"Simunamve chitseko chake? Chikukhula pansi, ndipo chakumba kale kanjira pa matailosi. Munthu amene amamva chitseko chikulira tsiku ndi tsiku osachikonzetsa, ndimupatse diso langa?"

"Zengerezu adalinda kwawukwawu, Bambo. Mudzafika poti ndizikutsogolerani ndi ndodo."

Mwina anali dokotala wabwino, ndani akudziwa. Chitseko si dokotala. Koma mawu a ndodo aja anawalasa a Sikweya, ndipo anakhala masiku atatu pa benchi osagwira chida, akungosisita matabwa ndi chikhato. Tsiku lachinayi anadzuka ndi nzeru imene anayenera kuyamba nayo. Mmisiri sumufunsa pakamwa pake, chifukwa pakamwa aliyense ndi katswiri. Umapita kukaona ntchito imene anaimaliza.

Anayambira kwa mayi wogulitsa misomali, amene ankagulako zida kwa zaka zambiri. Anakumbukira kuti mayiyu panthawi ina ankasokoneza misomali, ukapempha ya mainchesi atatu n'kukupatsa ya anayi, kenako anasowa sabata ziwiri, n'kubwera atasintha. A Sikweya anatapa misomali m'mabokosi osiyana, naisakaniza pa kauntala.

"Tandipatulireni iyi, mayi."

"Mwayamba misala, a Sikweya?"

"Tangopatulani."

Anamva misomali ikugwera m'mabokosi, nge, nge, nge, mosadodoma. Atapapasa, uliwonse unali kwawo.

"Anakupalani ndani?"

"Kamayi kaja ka ku chipatala cha boma, kuseri, chipinda choyandikana ndi kochapira. Musakaone kuchepa. Ine patatha sabata diso linafiira, ndinabwererako ndikunjenjemera. Anandiona tsiku lomwelo, ndipo asanatsegule n'komwe buku anati, 'Lakumanja lija, eti?'"

Dalaivala wopuma ntchito amene ankawerenga nyuzipepala pakhonde la wometa tsitsi anatchula kamayi komweko, nawawerengera a Sikweya timalemba tating'ono ta pansi pa tsamba kuti akhulupirire. Telala wa pamsika sanayankhe ndi pakamwa. Analowetsa ulusi pa singano kamodzi n'kamodzi, n'kuwapatsa m'manja kuti aukoke okha. A Sikweya ankauza akazi awo kuti ayang'anitsitse m'maso mwa anthuwa ngati muli zipsera za puleni.

"Muli diso, Bambo. Diso ngati diso."

Chipinda cha kuseri chija chinalibe sofa. Panali benchi lalitali pakhonde, anthu okalamba atakhala mondondozana, ena atamatidwa diso limodzi. Kunkamveka fungo la sopo kuchokera kochapira. A Sikweya anadikira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litafika pamutu, ndipo anaona, kapena tinene kuti anamva, kuti aliyense wolowa ankakhalitsa, koma wotuluka sankatuluka akung'ung'udza.

Atalowa anangoona chithunzithunzi cha munthu wamfupi, ndipo mawu ake anali a mzimayi wa msinkhu wa mwana wawo. Anawapatsa moni onse awiri, nawakokera mipando. Anawakhazika a Sikweya pa kamakina koika chibwano, nawaunika nthawi yaitali osalankhula. Atamaliza, a Sikweya anakhosomola, ndipo akazi awo anayang'ana kudenga.

"Mwana wanga, usandione mwano. Ndingaoneko manja ako?"

Dokotalayo sanaseke. Anatambasula manja onse awiri n'kuwaika m'manja mwawo. A Sikweya anawapapasa monga ankachitira ndi thabwa asanaligule. Zikhadabo zinali zowengedwa mpaka pansi, khungu louma ndi kusamba pafupipafupi, popanda mphete. Anawagwira m'mwamba kwa kanthawi, akudikira kuti amve ngati anjenjemere. Manjawo anangokhala phee.

"Mumagwira ntchito yanji, Bambo?"

"Ndine kalipentala. N'chifukwa chake ndikufuna ndione puleni yako. Ndapala matabwa zaka makumi anayi, ndikudziwa chimene kupala kumachita."

Apa mpamene dokotalayo anazindikira pamene panagona nkhani. Anakokera mpando wake pafupi.

"Anthu amangonena choncho, koma sitipala, Bambo. Tikanakhala kuti timapala, inenso sindikanalola. Ng'ala siili pamwamba pa diso, ili m'kati. Mawindo mumapanga?"

"Ambirimbiri."

"Galasi likachita chifunga moti silikuonetsanso kunja, mumalipala?"

"Ungalipale bwanji galasi? Umalichotsa n'kuika lina. Felemu ndi yomweyo."

"Ntchito yanga ndi imeneyo. M'diso mwanu muli kagalasi kamene munabadwa nako, ndipo kachita chifunga. Ndimatsegula kakhomo kakang'ono m'mbali, n'kukatulutsa, n'kulowetsa katsopano. Felemu sindiikhudza."

Anatsegula kabati, natenga kagalasi kachitsanzo, n'kukaika pa nsonga ya chala chawo. Kanali kopepuka moti sanakamve n'komwe, anachita kukagunda ndi chala china. Mtolo umene anausenza mwezi wathunthu unali wa mawu amodzi olakwika, ndipo anachita manyazi pang'ono, koma mpumulo unaposa manyaziwo.

"Magalasi amasiyana saizi," anatero patapita nthawi. "Umayeza, kapena umangoika lililonse?"

"Bwerani muone."

Anawayeza ndi makina ena. A Sikweya ankawerenga chamumtima. Diso lakumanja analiyeza katatu. Lakumanzere kanayi, chifukwa ulendo wina iwo anaphethira, ndipo dokotalayo anati, "Umenewo tautaya, tiyambirenso." Panja anthu anali akudikira, koma iye sanafulumire.

Linatsala funso limodzi, limene ankafunsa aliyense wofuna ntchito mu shedi yawo.

"Unayamba wawonongapo?"

Akazi awo anawatsina pantchafu. Koma dokotalayo anayankha.

"Inde. Ambiri amaona bwino, koma si onse. Pali bambo wina, zaka zinayi zapitazo, kathumba kamene kamagwira galasi kanang'ambika ndili m'kati. Ndinayesetsa, koma diso limenelo siliona bwino mpaka lero. Amabwerabe kuno, ndimamuona miyezi itatu iliyonse. Ndikuuzeninso izi. Ng'ala ya kumanzere kwanuku mwaisunga nthawi yaitali, yalimba, ndipo ivutirapo. Ndiyamba ndi lakumanja. Likapola, mudzasankha nokha ngati mundipatse linalo."

A Sikweya anali atakumana ndi amisiri ambiri onena kuti sanawonongepo thabwa, ndipo onse anawabweza pachipata. Anatembenukira kwa akazi awo.

"Amayi, funsani tsiku."

Linali Lachiwiri m'mawa. Anawaveka gawuni yotseguka kumbuyo, imene a Sikweya anati wosoka wake anathawa asanaimalize. Asanalowe, dokotala anabwera yekha, nawafunsa dzina, nawafunsanso kuti ndi diso liti, ngakhale ankadziwa. Kenako anamva nsonga ya cholembera ikuyenda pamphumi pawo, pamwamba pa diso lakumanja. Anamwetulira. Iwonso sankadula thabwa lopanda chizindikiro, ngakhale litakhala lokhalo mu shedi.

Sanawagonetse tulo. Anawabaya jakisoni wa dzanzi pambali pa diso, nawafunditsa nsalu kumaso. Manja anagwira m'mphepete mwa bedi. Poti sankatha kuona, anatchera khutu, ndipo khutu la mmisiri silinamizika. Sanamve zitsulo zikugundana, kapena munthu akufunafuna chida chimene wachiika posadziwika. Dokotala ankatchula chida ndi mawu amodzi, namwino n'kumupatsa, ndipo akachibweza chinkagwera pamalo pomwe chinachoka. Panalibe nkhani za mpira kapena za mitengo ya zinthu. Nthawi ina anati, "Apa musagwedezeke, Bambo, ndili pa ngodya," ndipo a Sikweya anaumitsa thupi mpaka mpweya womwe. Pang'ono ndi pang'ono zala zawo zinamasuka pa bedi paja. Ankadziwa mmene chipinda chimamvekera munthu akamaidziwa ntchito yake.

"Tamaliza."

"Kale?"

"Mumafuna tichezerepo?"

Anagona kunyumba diso lili lomata, ndipo m'mawa mwake anabwerera. Namwino anamatula bandeji pang'onopang'ono, napukuta zikope ndi thonje. Kuwala kunawabaya, misozi inatuluka, anaphethira kangapo. Kenako zinthu zinayamba kubwerera m'malo mwake. Anaona mizere ya pakati pa matailosi. Anaona manambala a pa kalendala, ndi ntchentche itatera pa nambala seveni. Anaona maluwa ang'onoang'ono a pa diresi ya akazi awo, imene kwa zaka ziwiri ankaiyesa yotuwa, ndipo akaziwo anali atagwira pakamwa. Anamuonanso dokotala uja koyamba, kamunthu kochepa thupi, ka maso otopa, cholembera chili m'tsitsi.

Munthu wina akanaimba nyimbo. A Sikweya anapempha kalilole.

Anayandikitsa kaliloleyo kumaso, nakoka chikope ndi chala, natembenuzira mutu uku ndi uku. Diso linali lofiira pang'ono, basi. Anasunthira pawindo pamene panali kuwala, nayang'ananso. Moyo wawo wonse, akapatsidwa mpando wa mmisiri wina, ankaupeza polumikizira ndi maso otseka. Anafufuza mpaka dzanja linatopa.

"Kakhomo kaja kali pati?"

"Pamwamba, pansi pa chikope. Apa." Dokotala analoza ndi nsonga ya cholembera, osakhudza.

Anayang'ana pamene analozapo. Sanaone kanthu. Anaika kalilole pa tebulo, naimirira, navula chipewa. Anali asanalankhulepo mawu otere kwa munthu wamoyo.

"Amisiri, ntchito mwaigwira."

Dokotalayo, amene ankathokozedwa tsiku lililonse ndi anthu olira ndi ovina, anayang'ana pansi ngati mwana wasukulu. Kenako anadzikoka, nayamba kuwalangiza. Mankhwala azidontheza kanayi pa tsiku. Asatikite diso. Asanyamule zolemera, asawerame nthawi yaitali.

"Ndipo fumbi ayi, Bambo. Utuchi ndiye woopsa kwambiri. Ku shedi musalowe mwezi wathunthu."

Akazi awo anaseka mopanda chimwemwe. "Apo ndiye mwalemba m'madzi, adokotala. Awa anapita ku shedi tsiku la ukwati wa mwana wawo, atavala suti."

Anafika kunyumba dzuwa lili pamutu. A Sikweya sanalowe m'nyumba, analunjika ku shedi, akazi awo akuwatsatira pambuyo mkangano uli kale pakamwa. Anatsegula chitseko n'kuima pakhomo. Zonse zinali poyera, tchizulo aliyense pa msomali wake, mizere ya m'matabwa ikuoneka umodziumodzi mpaka ku khoma lakumapeto. Pa benchi panali thabwa limene analisiya litalembedwa ndi choko, ndipo ali pakhomo pomwepo anaona kuti mzerewo unapendekeka pang'ono. Zala zinayamba kuyabwa. Panali masitepe anayi okha kuti afike pamene panali pensulo.

Anaima pamenepo nthawi yaitali. Kenako anakoka chitseko, nakhoma loko, n'kuika kiyi m'manja mwa akazi awo.

"Mwezi wathunthu, Bambo? Inuyo?"

"Mpando wa mmisiri mnzako suukhalira guluu asanaume," anatero a Sikweya. "Tiyeni mukandidontheze mankhwala, nthawi yakwana."